Mfumu ya Agoti pa Geti la Ansembe

Chinali chaka cha 2009, mvula ya mwezi wa Epulo itangoyamba kugwa mu Nairobi, pamene a Blackson Chimkwita anatsika basi ndi anzawo asanu, onse asilikali opuma a ku Malawi. Linali Lachiwiri lotsatira Pasaka, pa 14. A Blackson anali munthu wa ku Ntcheu, wamfupi, wa khosi lalikulu, wosaonetsa mano chisawawa. Anatula pansi usilikali ali sajeni, ndipo dzina loti Sajeni linawakakamira kulikonse kumene anapita.

Anaitanidwa ndi koleji ina ya ansembe ku Lang'ata, mu Nairobi momwemo. Chaka cham'mbuyo mwake akuba analowa m'kolejimo masanasana, anthu onse ali ku Misa, ndipo anadutsa pa geti ngati akulowa kwawo. Mkulu wa koleji wa nthawi imeneyo, mzungu wokalamba amene anatumikirapo ku Malawi, ananena kuti mlonda wokhala ndi msuweni m'tauni sadzamukhulupiriranso. Ankafuna anthu opanda m'bale ndi mmodzi yemwe m'dziko lonse la Kenya.

Pangano lake linali lomveka bwino. Amalawiwo azilondera geti ndi mpanda. Koleji iziwapatsa nyumba m'dera lina la m'tauniyo lotchedwa Umoja, thumba la ufa mwezi ndi mwezi, ndi malo a ana awo pa sukulu yogonera komweko ya masisitere, kuseri kwa mpanda wa kolejiyo. Azimvera mtsogoleri wawo, osati munthu wina. Popeza onse anali a CCAP, azipemphera kwawo popanda wowakakamiza. Zikadzatha zaka khumi, mbali ziwirizi zidzakhalenso pansi. Mu Ogasiti chaka chomwecho anabwera akazi awo a Sajeni, a Lizzie, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Watipa, wa zaka zisanu ndi zitatu.

Zaka zoyamba zinayenda bwino. Palibe ngakhale ndowa imene inasowa. Ophika ndi olima maluwa, amene anali Akenya, ankadandaula chinthu chimodzi chokha: alondawo ankalankhulana pa mawailesi awo m'Chichewa, ndipo munthu sankadziwa ngati akukamba za akuba kapena za iyeyo.

M'kolejimo munali wansembe wa ku Dedza, Bambo Conrad, wophunzitsa mbiri ya Mpingo, munthu wanthabwala ndi wokonda bawo. Lamulungu lililonse masana ankabwera ku kanyumba ka pa geti kudzasewera ndi a Sajeni. Lamulungu la pa 8 Julaye 2012 kunali kozizira, onse awiri atavala majuzi, ndipo Bambo Conrad anali kuluza.

"Mukudziwa, a Sajeni, mawa ndikuphunzitsa za inu," anatero pofuna kuwasokoneza.

"Za ine? Ndalakwanji, Bambo Mfumu?"

"Za Agoti. Mtundu wina wakale wa kumpoto, alendo m'dziko la Aroma. Aroma atachepekedwa asilikali anapangana nawo: ife tikupatsani malo ndi tirigu, inu muzitimenyera nkhondo. Ankayenda ndi mafumu awoawo, kulankhula chinenero chawo. Ngakhale Chikhristu chawo chinali chosiyana ndi cha eni dziko. Nanga si inu amenewa? Ufa amakupatsani?"

"Amatipatsa."

"Ku Misa mumabwera?"

"Tili ndi kwathu."

"Ana anu ali kuti?"

"Kwa masisitere."

"Basitu! Aroma nawonso ankatenga ana a Agoti n'kukawasunga m'mizinda yawo. Pakamwa ankati maphunziro, koma anawo analinso chikole, kuti atate awo asapanduke."

Dzanja la a Sajeni linaima pamwamba pa bawo, nkhomo zili m'manja.

"Kodi ankawakhulupirira?"

"Ankawafuna. Kukhulupirira ndi nkhani ina. Nkhondo ikavuta ankawaika kutsogolo, kuti ngati kuli kufa ayambe iwowo."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Zinatha mitundumitundu. Koma pali tsiku limodzi loipa. Agoti ena atagonjetsa Aroma pa nkhondo yaikulu, mkulu wa asilikali wa chigawo cha kum'mawa anachita mantha ndi Agoti amene anali kale m'manja mwake, anthu osalakwa kanthu. Anawatumizira uthenga wokoma, woti onse asonkhane tsiku limodzi m'mabwalo a mizinda kuti adzalandire mphatso. Anabwera, mitima ili mbee. Pamene Aroma anali atabisala pa madenga ndi mikondo." Apa Bambo Conrad anaona nkhope ya mnzawo, nawonjezera msanga. "Komatu izi zinachitika pangano lalikulu lija lisanapangidwe, ndipo papita zaka zoposa chikwi chimodzi ndi theka. Sewerani, a mfumu ya Agoti, nkhomo zikukudikirani."

Zoti pangano linali lisanapangidwe, a Sajeni sanazimve. Anangomva mawu akuti onse, tsiku limodzi.

M'mawa mwake anaika lamulo latsopano kwa anthu awo: asanu ndi mmodziwo asadzapezekenso onse m'chipinda chimodzi, kaya kuli chiyani. Wina azikhala kunja nthawi zonse, kiyi wa geti ali m'thumba. Wachiwiri wawo, a Fiskani Mhango a ku Rumphi, munthu wamtali wokonda kuseka, anafunsa ngati ansembe ayamba kusunga mikondo mu sakristiya, momwe amavalira za Misa.

"Sindikunena za mikondo," anayankha a Sajeni. "Munthu amene wakutenga chifukwa ulibe m'bale amadziwanso kuti tsiku lokutaya palibe wokulirira. Tikadzalowa tonse m'nyumba, potuluka tidzapeza ena ataima pa geti."

Lamulolo analisunga ngati Sabata. Pa chithunzi cha antchito onse cha 2013 alonda alipo asanu. Pa chakudya cha Khirisimasi ankabwera mosinthana, wina n'kunyamulira mnzake mbale ku geti. Ngakhale pa 6 Julaye, Amalawi a mu Nairobi akakumana kukumbukira ufulu wa dziko lawo, a ku Lang'ata sankakwana. Choipitsitsa chinachitika pa 3 Malichi 2016, poika maliro a mzungu wokalamba uja amene anawaitana. Bokosi linali ndi zogwirira zisanu ndi chimodzi, ndipo aliyense ankayembekeza kuti alonda ake ndiwo alinyamule. Ananyamula asanu. Chogwirira chotsalacho anachigwira wophunzira wina, a Sajeni ataima nji pa geti, chipewa pachifuwa, misozi ikutsika.

Anthu sanaone misoziyo. Anaona chogwirira. Kuyambira pamenepo kukhitchini kunayamba manong'onong'o. Bwanji anthuwa sakhala pansi onse? Wotsala kunjayo amadikira yani? Ophika akaona mlonda akubwera ankatsitsa mawu, ndipo mlondayo ankakauza a Sajeni kuti ophika atsitsa mawu. A Sajeni ankangogwedeza mutu, ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale.

Kunyumba ku Umoja a Lizzie sankazisekerera. A Sajeni akabwerako koona mwana ankanena kuti masisitere amukaniza Watipa kutuluka Loweruka.

"Amakaniza ana onse, bambo a Watipa. Ndi sukulu imeneyo, si ndende. Mwana akukhoza masamu, inu muli kalikiliki ndi anthu anafa kalekale amene simudziwa ngakhale manda awo."

Pa 15 Januwale 2018 koleji inalemba woyang'anira antchito watsopano, Mayi Kerubo, mayi wachangu, woyenda mothamanga, amene ankafuna kudziwa chilichonse. Sabata yoyamba anafunsa Bambo Conrad kuti alondawa amamvera yani kwenikweni. Sabata yachiwiri anapempha kiyi wina wa geti lalikulu kuti azikhala mu ofesi. A Sajeni anati akadulitsa, ndipo wodula makiyiyo anakhala akudwala chaka chathunthu. Kenaka anabwera amisiri kudzaika makamera. Kamera ya pa geti sanailozetse ku msewu, anailozetsa pa khomo la kanyumba ka alonda.

"Ndi yoteteza inu nomwe, mzee," anatero Mayi Kerubo, kuwatchula ndi liwu la kumeneko lotanthauza mkulu.

"Zikomo, madamu," anayankha a Sajeni, ndipo bawo analisamutsira kuseri kwa kanyumbako.

Zaka khumi za pangano zinakwana mu Epulo 2019. Watipa anali mu Fomu 4, mayeso ake omaliza ali mu Novembala. Maphunziro ake onse anali a ku Kenya, Chichewa ankachilankhula koma kulemba ankachita kukoka. Pangano likanatha iye asanalembe mayeso, malo ake kwa masisitere akanatha nalo limodzi, ndipo kumudzi akanakabwerera m'mbuyo zaka ziwiri kapena kusiyiratu. Ichi ndicho chinkawadya mumtima a Sajeni. Mwezi unayamba, unafika pakati, palibe wa koleji amene anatchula za kukhala pansi.

Ndiye tsiku lina Mayi Kerubo anabwera okha ku geti, akumwetulira.

"Loweruka pa 27 tikukuchitirani phwando la zaka khumi. Kubwera mkulu wa chipani chathu cha ansembe. Tili ndi mphatso zanu. Mubwere nonse, ndi akazi anu, mu yunifolomu. Nonse, mzee, osati asanu. Geti agwira ophunzira."

Lamulungu lotsatira a Sajeni anafunsa Bambo Conrad mosapita m'mbali.

"Phwando basi, a mfumu ya Agoti. Mbuzi ziwiri zagulidwa kale, ndazimva zikulira."

"Za pangano adzatchula?"

"Sindikhala nawo pa zokambirana zimenezo," anatero wansembeyo, maso ali pa bawo. A Sajeni anaona kuti munthu amene ankayankha chilichonse ndi nthabwala, funso ili waliyankha mwaulemu.

A Lizzie ndiwo anawagonjetsa. Anali kusita yunifolomu ya amuna awo, wailesi ya oyandikana nawo ikusokosera kuseri kwa khoma.

"Mukapanda kulowa mu holo imeneyo, mudzakhala mwawatukwana pamaso pa bwana wawo. Watipa akuimba nawo kwaya. Zaka zonsezi mwana sanakuonenipo mutakhala pampando ngati atate a anzake. Tsiku limodzi lokha, bambo a Watipa, khalani mlendo woitanidwa."

Loweruka lija kunacha ndi mitambo. A Sajeni analowa mu holo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire 2012 alonda onse anakhala pansi pa denga limodzi. Anasankha mpando wa pafupi ndi windo. Kageti kakang'ono ka oyenda pansi anakasiya m'manja mwa ophunzira awiri, koma kiyi wa geti lalikulu anali m'thumba la malaya awo. Mlendo wamkulu anali asanafike, choncho Bambo Conrad anayamba pemphero lotsegulira. Wina anatseka chitseko chifukwa cha mphepo. A Sajeni anatseka diso limodzi lokha.

Pemphero lili mkati, kunja kunalira hutala. Pa geti panaima minibasi yoyera, m'mbali mwake mutalembedwa dzina la kampani ina ya alonda ya ku Industrial Area. M'katimo munadzaza amuna ovala mayunifolomu ndi zipewa.

A Sajeni anaimirira, natuluka. Atafika pa geti anakankhira pambali ophunzira awiri aja, naimba wezulo katatu. Mu holo a Fiskani anadzuka mpando n'kugwa chagada, anzawo anayi pambuyo. Anthu anatsegula maso n'kuona alendo olemekezeka a tsikulo akuthamanga kudutsa pa kapinga, aliyense akutola ndodo yake pa kanyumba. Pemphero linathera panjira.

"Fungua, mzee! Sisi ni bendi!" anakuwa dalaivala, kutanthauza kuti atsegule, iwo ndi oimba. Wina anatulutsa lipenga pa windo n'kuligwedeza.

Mayi Kerubo anafika akupuma wefuwefu. "Mwatani kodi? Ndi bandi imeneyo! Kampaniyo ili ndi bandi ya malipenga, atibwereka kwaulere kuti ikuimbireni inuyo!"

"Kwaulere," anabwereza a Sajeni. "M'tauni yonse ino, madamu, bandi yaulere mwaipeza kwa alonda? Munadziwana nawo bwanji?"

Mayiwo anangoti, "Tsegulani geti."

"Galimoto iyi silowa. Atsike, alowe pa kageti mmodzimmodzi, mabokosi ali otsegula."

Mvula inayamba. Msewu wolowera ku koleji ndi wopapatiza, ndipo kumbuyo kwa minibasi kunali kutaima galimoto ina yakuda imene sikanatha kudutsa kapena kubwerera. Patapita nthawi chitseko chake chinatseguka. Anatuluka mkulu wa chipani cha ansembe, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, nayamba kuponda matope, mkanjo woyera ukukwekwereka. Analowa pa kageti pakati pa woimba ng'oma ndi woimba lipenga. Anaima, nayang'ana amuna asanu ndi mmodzi atandanda kuseri kwa geti lokhoma, ndodo m'manja, akuyankhulana chinenero chimene iye sankamva.

"Ndiye abwenzi athu aja ndi amenewa," anatero, napitirira.

Phwando linachitika ndithu. Mbuzi zinadyedwa, bandi inaimba bwino, mlonda aliyense analandira bulangete. Mkulu uja analankhula mwachidule za ubwino wa mvula. Liwu loti pangano silinatuluke m'kamwa mwake. Watipa anaimba nyimbo zonse akuyang'ana pansi, ndipo atate ake atamuyandikira anangoti, "Adadi, anzanga onse anaona," n'kubwerera kwa masisitere.

Pa 20 Meyi alondawo anauzidwa kuti pangano lidzatha pa 30 Juni, ndipo geti idzalitenga kampani ya ku Industrial Area, yomwe ija ya malipenga. Alonda asanu anali ndi mwayi wolowa m'kampaniyo, aliyense kukaikidwa malo akeake pansi pa kapitawo wa Chikenya, ana awo n'kupitiriza sukulu. Mwayiwo sunawakhudze a Sajeni.

"Mwatigwetsera nyumba ndi nthano za anthu akufa," anatero a Fiskani, osaseka konse. "Munthuyo anabwera kudzatiwonjezera zaka, inu n'kumuyendetsa m'matope."

"Anakuuza ndani kuti anabwera kudzawonjezera? Nanga kampaniyi aipeza m'masabata atatu? Anabwera kudzayeza geti, a Mhango, malipenga anali chophimba."

"Akanapanda kutiona ndi ndodo, sakanaifuna."

"Akanapanda kuifuna, sakanaiitana."

Mkangano umenewu sunathe, ndipo pakati pa Amalawi a ku Umoja ulipobe mpaka pano. Ena amati a Sajeni anaona patali. Ena amati anakumba okha dzenje limene ankaliopa.

Tsiku lotsatira a Sajeni analowa mu ofesi ya Mayi Kerubo, imene anali asanapondemo chiyambire. Anavula chipewa, naika kiyi wa geti lalikulu pa tebulo.

"Wodula makiyi uja wachira?" anafunsa mayiwo.

"Sindinabwere kudzadandaula za ine, madamu. Mwana alembe mayeso."

Mayi Kerubo anayang'ana kiyiyo. "Ndinkakuopani, mzee, mukudziwa? Munthu wosunga khomo la nyumba yanga, amene sadya nane, amene sindimva zimene akunena." Anatenga kiyiyo, namuika m'dirowa. "Watipa alemba. Koma inu mupereke geti mwamtendere, anthu anu asavute, ndipo kampani ikayamba musaonekenso kuno. Mukatero, mwana atsala m'manja mwathu."

A Sajeni anawamva mawu omalizawo monga mmene akanawamvera Mgoti, koma anavomera. Anagwirizana kuti a Lizzie atsale ku Umoja kwa akazi a a Fiskani mpaka Novembala, iwo atsogole kumudzi.

Lamulungu la pa 30 Juni, tsiku lawo lomaliza pa geti, Bambo Conrad anabwera monga mwa masiku onse. Bawo analibwezera kutsogolo kwa kanyumba, pansi penipeni pa kamera.

"Ndiuzeni zoona tsopano, Bambo Mfumu, palibenso chimene ndingaononge. Tsiku lija mkulu uja anabwera kudzawonjezera kapena kudzathetsa?"

"Ndafunsa anthu awiri, andiyankha ziwiri," anatero wansembeyo. "Mwina mwini wakeyo anali asanaganize mpaka pamene anaponda matope. Sindikudziwa, a Sajeni."

A Sajeni anawayang'ana m'maso kufuna kuona ngati akunama. Sanathe kudziwa.

"Nanga ana a Agoti aja, alipo amene anabwerera kwa makolo awo?"

"Alipo. Ena anabwerera ataphunzira kuposa Aroma amene."

"Wanga mudzamukweze basi nokha. Osatuma munthu."

"Ndidzamukweza ndekha."

Anasewera mpaka a Sajeni atadya nkhomo zonse za mzere wakutsogolo wa wansembeyo. Bawolo analisiya pomwepo, akuti alonda atsopano aziphunzira. Potuluka a Sajeni anaima pa mpanda wa masisitere. Watipa anabwera, nawapatsa mpango wa m'khosi umene anawalukira, osatchula za phwando. Iwo anamuuza kuti aziwerenga, ndiponso kuti akaitanidwa ku chinthu chilichonse azikhala pafupi ndi khomo. Mtsikanayo anaseka koyamba chichitikire zija, nati, "Adadi inunso."

Anzawo asanu anafuna kuwaperekeza onse ku siteji ya basi. A Sajeni anakana, nati abwere anayi, mmodzi atsale ndi mabanja. A Fiskani anapukusa mutu, koma ndiwo anatsala. Basi yodzera ku malire a Namanga inanyamuka a Blackson Chimkwita atakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, bulangete la phwando lili pamiyendo, Lachiwiri pa 2 Julaye 2019.